Nsalu Yoletsedwa Padoko: Mbiri ya Chiletso ndi Makota a Zovala

Boma likafuna kuchepetsa katundu wochokera kunja, njira imene aliyense amaidziwa ndi msonkho wa pachipata. Katunduyo amalowa ndithu, kungoti mtengo wake umakwera, ndipo ndalama yowonjezerayo imapita kuthumba la boma kumene imalembedwa n'kuwerengedwa. Koma ilipo njira ina imene siitchedwa msonkho ngakhale imapsinja wogula chimodzimodzi: kuletseratu katunduyo, kuika mlingo wa kuchuluka kwake pachaka, kufuna chiphaso chimene chimaperekedwa kwa anthu owerengeka, kapena kufuna umboni wa kumene ulusi wa malaya unachokera. Palibe malonda amene akhala m'manja mwa njira yachiwiriyi nthawi yaitali ngati malonda a nsalu ndi zovala. Mbiri yake ndi ya zaka zoposa 300, ndipo imayambira ku India.

M'zaka za m'ma 1600, amisiri a ku Gujarat, ku Bengal ndi kugombe la Coromandel ankadziwa luso limene anthu a ku Ulaya analibe: kudinda maluwa ndi mitundu yowala pansalu ya thonje mwanjira yakuti ngakhale uichape kangati, siisuluka. Munthu wamba wa ku Ulaya nthawi imeneyo ankavala ubweya wa nkhosa ndi bafuta, silika n'kukhala wa olemera. Ubweya ndi wolemera pathupi ndiponso wovuta kuchapa. Choncho makampani a zamalonda, ya ku England yokhazikitsidwa mu 1600, ya ku Holland ya mu 1602 ndi ya ku France ya mu 1664, atayamba kutsitsa nsalu za ku India pamadoko akwawo, anthu anazilimbirana. Inali nsalu yopepuka, yochapika, yokongola, komanso yotsika mtengo moti mtsikana wantchito zapakhomo ankatha kutchena mofanana ndi abwana ake. Mu 1684 mokha, kampani ya ku England inabweretsa zidutswa za nsalu zoposa miliyoni imodzi.

Oyamba kulira chokweza anali owomba silika ndi ubweya a ku France. Mu October 1686, boma la mfumu Louis XIV linaletsa kulowetsa nsalu zodindidwa za ku India, linaletsanso kudinda zofanana nazo m'dzikomo, ndipo patapita nthawi linaletsa ngakhale kuzivala. Chiletsochi chinakhala zaka 73. Lamulo linkabwerezedwa chibwerezere, chilango chikunkira kukula: chindapusa kwa mayi wopezeka atavala, kutentha nsalu zolandidwa, ndi kutumiza ozembetsa kukapalasa ngalawa zankhondo za mfumu. Kubwerezabwereza lamuloko ndi umboni wakuti silinkamveredwa.

Nsalu siinasiye kulowa. Chaka chimodzi chiletso chisanabwere, mfumu yomweyo inali itathetsa ufulu wa chipembedzo wa Aprotestanti, ndipo ambiri mwa amene anathawa anali amalonda ndi amisiri odziwa kudinda nsalu. Anakakhazikika kutsidya kwa malire, ku Geneva ndi ku Neuchâtel, n'kumadinda nsalu yomwe ija imene inkabwerera ku France usiku kudzera m'mapiri. Mzinda wa Mulhouse, umene nthawiyo sunali pansi pa France, unatsegula fakitale yake yoyamba yodinda nsalu mu 1746. Wozembetsa wotchuka Louis Mandrin ankalowa m'matauni masanasana ndi gulu la anthu onyamula mfuti, akugulitsa fodya ndi nsalu zoletsedwa, mpaka pamene anagwidwa n'kuphedwa ku Valence mu 1755. Akazi a kunyumba zachifumu ankavalabe nsaluzo popanda wowafunsa. Wovutika anali mayi wamba, amene ankalipira mtengo wokwera chifukwa cha ngozi ya wozembetsa ndi chiphuphu cha mlonda wa pachipata, kenako n'kumayenda ndi mantha a chindapusa. Boma silinapatepo kanthu pandalama yonseyo, koma linkalipira alonda osaka nsalu. Pamene chiletso chinachotsedwa mu 1759, France inali itatsalira m'mbuyo pa luso limene anansi ake analikulitsa ndi manja a ana ake omwe. Fakitale yotchuka ya ku Jouy, pafupi ndi Versailles, inatsegulidwa mu 1760 ndi Christophe-Philippe Oberkampf, wobadwira ku Germany amene ntchitoyi anaiphunzira kunja kwa France.

Ku England zinayenda mosiyanako. Lamulo la mu 1700 linaletsa nsalu zodindidwa kapena zonyikidwa mu utoto zochokera ku India, China ndi Persia, koma linasiya khomo lotsegula kwa nsalu yoyera. Amalonda anangoyamba kuitanitsa yoyerayo n'kumaidinda m'mbali mwa London. Owomba silika a ku Spitalfields ataona kuti zinthu sizinasinthe, mu 1719 analowa m'misewu, kung'amba zovala za akazi ovala nsalu ya thonje ndi kuwathira inki. Nyumba ya malamulo inawamvera, ndipo lamulo la mu 1721 linaletsa kugulitsa ndi kuvala nsalu ya thonje yodindidwa: mapaundi 5 kwa wovala, mapaundi 20 kwa wogulitsa. Koma panatsalanso mpata wina. Nsalu yosakaniza thonje ndi bafuta, imene inkawombedwa ku Lancashire, inaloledwa, ndipo lamulo la mu 1736 linatsimikiza zimenezo. Mumpata umenewu ndi mmene munakulira ntchito yopota thonje, mpaka Richard Arkwright anamanga fakitale yake yoyendera madzi ku Cromford mu 1771, ndipo mu 1774 nsalu ya thonje lokhalokha yowombedwa ku Britain inaloledwa.

Pali anthu amene amatenga nkhaniyi ngati umboni wakuti dziko lililonse lofuna mafakitale liyambe ndi kutseka zipata. N'zoona kuti Britain, imene pambuyo pake inkalalikira za malonda a ufulu padziko lonse, inayamba ndi kutsekera kunja nsalu ya anzake, ndipo zimenezi siziyenera kuiwalika. Komabe tikumbukire amene lamulolo linkafuna kuteteza. Linalembedwa kuti lipulumutse ubweya ndi silika, koma chimene chinakula ndi thonje, limene linadzaposa ubweyawo. Ndipo chimene chinagonjetsa mmisiri wa ku Bengal sichinali chiletso chokha. Panali makina, panali thonje lolimidwa ndi akapolo ku America, panalinso ulamuliro wa kampani ya ku England ku Bengal kuchokera pa nkhondo ya ku Plassey mu 1757. Pofika m'ma 1830, nsalu inkayenda chobwerera, kuchoka ku Manchester kupita ku India.

Kwa zaka pafupifupi 100 Lancashire inalibe woopa, choncho sinafune chiletso. Mantha anabwerera pamene Japan inayamba kuwomba nsalu yotsika mtengo, ndipo mu 1933 inaposa Britain pa kuchuluka kwa nsalu ya thonje yogulitsa kunja. Mu 1934 Britain inaika mlingo wa nsalu zakunja zolowa m'mayiko ambiri amene inkawalamulira, monga Ceylon, Malaya ndi ena a kumadzulo kwa Africa. Nyasaland ndi mayiko a kum'mawa kwa Africa sanakhudzidwe, chifukwa anali m'chigawo cha mapangano a chigwa cha Congo, ochokera ku msonkhano wa ku Berlin wa mu 1885, amene ankaletsa kusankha katundu potengera dziko lochokera. Agogo athu anapitiriza kugula nsalu ya ku Japan pamtengo wake, pamene mlimi wa ku Nigeria ankakakamizika kugula ya ku Manchester yokwera mtengo kuti fakitale ya kutali isatsekedwe.

Nkhondo yachiwiri itatha, mayiko 23 anasaina pangano la GATT ku Geneva mu October 1947. South Africa ndi Southern Rhodesia anali m'gulumo. Ndime ya 11 ya panganoli inanena poyera kuti mayiko asaletse katundu ndi milingo kapena ziphaso. Wofuna kuteteza mafakitale ake agwiritse ntchito msonkho, umene umaoneka ndipo ungathe kukambidwa kuti utsike. Koma nsalu sinachedwe kupatulidwa pa lamulo labwinoli. Japan italowa mu GATT mu 1955, mabulauzi ake a dola imodzi anadzaza masitolo a ku America, ndipo eni mafakitale a kumwera kwa dzikolo anathamangira ku Washington. Popeza America sikanatha kuika mlingo popanda kuswa pangano limene inalimbikitsa yokha, inapempha Japan kuti idziikire yokha malire. Mu 1957 Japan inavomera kutero kwa zaka zisanu. Ankati ndi kudziletsa kodzifunira, koma aliyense ankadziwa chimene chikanatsatira Japan ikanakana. Britain nayo inapangana chimodzimodzi ndi Hong Kong, India ndi Pakistan cha m'ma 1959.

Malo amene Japan inasiya anatengedwa ndi Hong Kong nthawi yomweyo. Ndiye panafunika kumanganso Hong Kong, kenako Taiwan, Korea ndi ena otsatira. Pulezidenti wa America John F. Kennedy, amene pochita kampeni analonjeza kuthandiza madera a mafakitale a nsalu, anakankha pangano la chaka chimodzi mu 1961, lotsatiridwa ndi lina la nthawi yaitali mu 1962, lokhudza nsalu za thonje. Opanga a ku Asia anasamukira ku poliyesitala ndi ulusi wina wopangidwa m'fakitale, umene panganolo silinautchule. Kuti atseke mpata umenewunso, pa 1 January 1974 panayamba pangano lalikulu lotchedwa Multi-Fibre Arrangement, lokuta thonje, ubweya ndi ulusi wa m'fakitale. Linalembedwa ngati la zaka zinayi, loti mafakitale a mayiko olemera apume pang'ono akonzekere mpikisano. Linawonjezeredwa kangapo, ndipo makota ake anakhala zaka 31.

Kuti timvetse kumene ndalama inkapita, tiyenera kuona mmene kota inkagwirira ntchito. America kapena mayiko a ku Ulaya ankakhala pansi ndi dziko lililonse logulitsa palokha, n'kugwirizana kuti chaka chino mutumiza madazeni akutiakuti a mathalauza a thonje a amuna, akutiakuti a majuzi, akutiakuti a malaya, mtundu uliwonse ndi nambala yake. Boma la dziko logulitsalo ndilo linkagawa mlingowo kwa mafakitale ake. Mlimi wa fodya kuno kwathu sangavutike kumva zimenezi, pakuti amadziwa kuti wopanda kota amagulitsira pa dzina la mnzake n'kumusiyira kenakake. Ku Hong Kong kugulitsana kota kunali kololedwa, ndipo panali makampani amene phindu lawo lalikulu linkachokera pa kubwereketsa chiphaso chimene anachipeza chifukwa anayamba kale malondawo. Mtengo wa chiphasocho unkalowa mumtengo wa malaya, ndipo ankaulipira ndi wogula wa ku Chicago kapena ku Hamburg. Ukanakhala msonkho, ndalamayo ikanalowa ku boma la wogulayo n'kukamanga sukulu kapena msewu. Pokhala kota, inkatsala ndi mwini pepala. Ndi chifukwa chakenso maboma a mayiko ogulitsa, ndi makampani akuluakulu a kumeneko, sankalimbana nalo kwenikweni dongosololi: amene anali kale m'kati ankadya nawo, ndipo wofuna kuyamba kumene ankapeza khomo lotseka.

Panalinso chotsatira china chimene sichikambidwa kawirikawiri. Kota inkawerenga zidutswa, osati mtengo wake. Fakitale yololedwa malaya 10,000 okha inkasankha kusoka okwera mtengo, a phindu lalikulu pa chidutswa chilichonse. Zovala zotsika mtengo ndizo zinkasowa, ndipo banja losauka la ku America, limene gawo lalikulu la malipiro ake limathera pa zovala za ana, ndilo linkasenza katundu wolemera kuposa banja lopeza bwino. Akatswiri a zachuma Gary Hufbauer ndi Kimberly Elliott, m'buku lawo la mu 1994, anawerengera kuti mu 1990 makota pamodzi ndi misonkho ya zovala zinadyera ogula a ku America madola pafupifupi 21 biliyoni, kutanthauza madola pafupifupi 139,000 pa ntchito iliyonse imene inapulumutsidwa. Wosoka mwiniwakeyo sankalandira ngakhale theka la theka la ndalama imeneyo pachaka. Ndipo ntchitozo zinkatha ndithu chaka ndi chaka, chifukwa makina atsopano ankachepetsa anthu ndipo makampani a ku America omwewo ankasamutsira usoki kunja. Ine ndimamva chisoni ndi mayi wa ku South Carolina amene anagwira makina osokera moyo wake wonse. Anafunika thandizo lenileni, ndipo likanatheka pamtengo wochepa kwambiri likanaperekedwa m'manja mwake.

Koma mbiriyi ili ndi mbali ina imene sitingaibise. Mwini fakitale wa ku Korea kapena Hong Kong kota yake ikatha, ankafunafuna dziko losauka limene linalibe mlingo n'kukatsegula kumeneko. Kampani ya Daewoo ya ku Korea inagwirizana ndi Noorul Quader wa ku Bangladesh, mwini wa Desh Garments, ndipo mu 1979 antchito 130 anatumizidwa ku Pusan kukaphunzira usoki wa m'fakitale. Ambiri mwa iwo anadzatsegula makampani awoawo kapena kutsogolera a ena. Lero zovala zimabweretsa zoposa 80 peresenti ya ndalama zimene Bangladesh imapeza pogulitsa katundu kunja. Mauritius, imene inkadalira nzimbe, inakopa amalonda a ku Hong Kong kuyambira m'ma 1970 pachifukwa chomwechi. Sri Lanka, Cambodia, Lesotho ndi Swaziland nawo analandira mafakitale othawa kota. Palibe amene anakonza zoti zitere. Mayiko amene anagwiritsa ntchito zaka zimenezo kuphunzitsa anthu awo, kukonza madoko ndi kulera eni mafakitale a m'dziko momwemo anatsala ndi kanthu. Amene anangobwereketsa dzina la dziko lawo pa kolala ya malaya anadzaona mafakitale akunyamuka monga anabwerera.

Mapeto anakonzedwa pa zokambirana zimene zinabala bungwe la WTO mu 1995. Mayiko osauka anaumirira kuti nsalu ibwerere pansi pa malamulo a onse, ndipo anagwirizana zochotsa makota m'magawo anayi pa zaka khumi: 16 peresenti ya malondawo mu 1995, 17 mu 1998, 18 mu 2002, ndi 49 yotsala pa 1 January 2005. Mayiko olemera anayamba ndi kumasula zinthu zimene zinalibe kota n'kale, zovala zenizeni n'kuzisungira tsiku lomaliza. Pakati apo China inalowa mu WTO mu December 2001. Choncho zimene zikanachitika pang'onopang'ono zinagwa tsiku limodzi. Zovala za ku China zinasefukira ku America ndi ku Ulaya, mitengo yake n'kutsika kwambiri. Akatswiri Amit Khandelwal, Peter Schott ndi Shang-Jin Wei atafufuza pambuyo pake anapeza kuti ambiri mwa amene anakulitsa malondawo anali makampani atsopano a anthu wamba, pakuti boma la China linkapereka makota ambiri kwa makampani a boma osachita bwino. Kwa zaka zonsezo kota inkatchinga wosoka waluso wa ku China yemwe.

Ulaya inadzidzimuka n'kubwezeretsa malire. Mu June 2005 nthumwi ya Ulaya Peter Mandelson ndi ya China Bo Xilai anagwirizana ku Shanghai za makota atsopano pa mitundu khumi ya nsalu ndi zovala mpaka 2007. Masitolo anali ataitanitsa kale katundu, milingo inadzaza m'masabata ochepa, ndipo pofika August majuzi, mathalauza ndi zovala zam'kati mamiliyoni ambirimbiri zinali zitaunjikana pamadoko osaloledwa kutuluka, kufikira atagwirizananso mu September. America inaika ake mpaka 2008. South Africa inayesa njira yomweyo pa zovala za ku China mu 2007 ndi 2008, ndipo masitolo ake anangotembenukira kwa ogulitsa a mayiko ena a ku Asia.

Kum'mwera kwa Africa kuno, mphepoyo inawomba mafakitale amene anali atangoyamba kuphuka. Lamulo la AGOA, limene America inakhazikitsa mu 2000, linalola mayiko osauka a mu Africa kutumiza zovala popanda msonkho ngakhale nsalu yake itachokera ku Asia. Pamodzi ndi makota omanga China, zimenezi zinachititsa kuti Lesotho ifike pa antchito pafupifupi 50,000 m'mafakitale a zovala mu 2004, ambiri mwa iwo amayi. Makota atangotha, ndalama ya randi ilinso yamphamvu, mafakitale angapo sanatsegulenso pambuyo pa tchuthi cha Khrisimasi, ndipo anthu masauzande anabwerera ku ntchito n'kupeza zipata zokhoma. Mafakitale a zovala a ku Blantyre, amene ankasokera misika ya ku America ndi South Africa, nawonso anayamba kuchepa m'zaka zimenezo.

Makota a 1974 anatha, koma chotchinga chinasamukira m'malamulo onena za kumene katundu wachokera. Mu SADC, kuti chovala chilowe popanda msonkho, lamulo limafuna kuti ntchito ziwiri zichitikire m'chigawo chino: kuwomba nsalu ndi kusoka. Kwa dziko lokhala ndi mafakitale owomba nsalu, lamuloli ndi mpanda woteteza msika. Kwa dziko longosoka, ndi chiletso chosatchulidwa dzina, chifukwa nsalu za mitundu imene masitolo amafuna siziwombedwa mokwanira kuno. Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia anapatsidwa mwayi wapadera wotumiza ku South Africa ndi anzake a mu mgwirizano wa misonkho wa SACU zovala zosokedwa ndi nsalu yakunja, koma pa mlingo woikika ndiponso kwa nthawi yowerengeka. Mwayiwo unatha kumapeto kwa 2009, ndipo osoka a ku Malawi anataya gawo lalikulu la msika umene unali pafupi nawo kwambiri. Pamene mayiko a mu Africa anatsegula msika wawo umodzi wa AfCFTA pa 1 January 2021, malamulo a katundu wambiri anali atagwirizanidwa, koma a nsalu ndi zovala, pamodzi ndi a magalimoto, anatsalira pa tebulo kwa zaka zingapo, nthumwi zikukanganabe ngati malaya osokedwa ku Africa ndi nsalu ya ku Asia angatchedwe a ku Africa.